Nzeru idachoka kumudzi n'kukafika ku Maputo: mbiri ya mabungwe ndi mankhwala a SIDA



Tsiku lina pa msonkhano wa gulu lathu, titangotha kumvera pologalamu ya zaumoyo, bambo wina wachikulire adaimika dzanja nafunsa kuti: "Kodi ife tikamakhala pansi pa mtengo pano n'kumakambirana, mawu athuwa amakafika kuti? Zonse za kuchipatala si amazikonza okha ku Maputo?" Ena adaseka, ena adangogwedeza mutu kuvomereza. Tsikulo palibe adayankha zogwira mtima. Koma funsoli ndi lofunika kuliyankha, chifukwa munthu akakhulupirira kuti mawu ake safika patali, amasiya kulankhula. Yankho lake lili m'mbiri ya dziko lathu lino, ndipo gawo lalikulu la mbiriyo lidachitikira kuno ku chigawo cha Tete.

Nkhani yake ndi ya mankhwala a SIDA, imene abale athu a tsidya la Malawi amaitcha Edzi. Tiona m'mene mabungwe omwe si aboma, pamodzi ndi odwala eni ake, adakankhira kuti malamulo ndi kayendetsedwe ka zipatala zisinthe.

Nthawi imene boma lidali lokha

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Dziko la Moçambique litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, madokotala ambiri a Chipwitikizi adanyamuka kubwerera kwawo, ndipo m'dziko lonse mudatsala madokotala osakwana 100. Pa 24 Julayi chaka chomwecho, boma la Samora Machel lidalengeza kuti zipatala zonse, za mishoni ndi za anthu wamba zomwe, zili m'manja mwa boma. Kudwala kudaleka kukhala malonda.

Tisaname, m'zaka zoyambazo padachitika zinthu zazikulu. Kuyambira 1976 magulu a katemera adayenda dziko lonse n'kubaya anthu mamiliyoni. Mu 1977 boma lidatulutsa mndandanda wa mankhwala ofunikira kuti ndalama zisamathere pa mankhwala odula opanda phindu. Mu 1978 adayamba kuphunzitsa ma APE, anthu osankhidwa m'midzi kuti azithandiza matenda ang'onoang'ono komweko. Akuluakulu athu amazikumbukira zimenezi.

Koma padali chinthu chimodzi chimene chidasowa. Bungwe loima palokha kudalibe. Amayi adali ndi OMM, achinyamata adali ndi OJM, m'midzi ndi m'malo a ntchito mudali ma grupo dinamizador, koma onsewa adali nthambi za chipani. Ntchito yawo idali kutenga mawu kumwamba n'kuwatsitsira kwa anthu. Kutenga dandaulo la anthu n'kukwera nalo kumwamba kudali kovuta. Asing'anga nawo ankaonedwa ngati anthu obwezera dziko m'mbuyo, ngakhale kuti anthu ambiri akadwala ankayambira kwa iwo.

Kenaka nkhondo idadza. Zipatala zazing'ono mazanamazana zidatenthedwa, kuphwanyidwa kapena kusiyidwa. Ife a m'malire tikudziwa bwino zimene zidachitika: mabanja a ku Angónia, Tsangano, Moatize ndi Mutarara adathawira ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje, mpaka othawa nkhondo ku Malawi adaposa miliyoni imodzi. M'kati mwa chipwirikiti chimenechi, mu 1986, ndi m'mene munthu woyamba adapezeka ndi SIDA m'dziko muno. Nthawi imeneyo ndani akadasamala za kachilombo kosaoneka pamene mfuti zikulira kuseri kwa phiri?

Khomo litseguka

Malamulo aakulu a dziko a 1990 ndiwo adatsegula khomo. Adapatsa nzika ufulu wosonkhana ndi kupanga mabungwe, ndipo mu 1991 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo nambala 8/91 lofotokoza m'mene bungwe limalembetsedwera. Chaka chomwecho padatulukanso lamulo la atolankhani, limene pambuyo pake lidapereka mpata woti mawailesi a m'madera ngati yathuyi abadwe. Asing'anga adapanga bungwe lawo la AMETRAMO m'zaka zomwezo. Pa 4 Okutobala 1992 pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma, anthu adayamba kubwerera kumabwinja awo, ndipo magalimoto akuluakulu adayambanso kudutsa pa msewu wa Zóbuè, Tete mpaka Cuchamano. Mtendere udabwera, koma matenda nawo adapeza njira yoyendamo.

Amene mudali akulu m'zaka zimenezo mukukumbukira maliro. Sabata isadathe, mwamva kale uthenga wina. Tinkati "adwala nthawi yaitali", tinkati "kaliwondewonde", ena ankati tsempho, ena ankaloza mfiti. Dzina lenileni palibe ankalitchula pamaliro.

Amene adayamba kulitchula adali mabungwe. Mu 1993 mabungwe olimbana ndi SIDA adalumikizana n'kupanga MONASO. Mu 1996 ku Maputo kudabadwa Kindlimuka, dzina la Chichangana lotanthauza kuti "dzuka". Limeneli lidali bungwe loyamba m'dziko muno la anthu oti iwo eni ali ndi kachilombo. Taganizani kulimba mtima kwake. Nthawi imeneyo mankhwala kudalibe. Kunena poyera kuti ndili nako kudali ngati kudzilembera wekha kalata yochotsedwa ntchito, mwinanso kuthamangitsidwa pabanja. Koma anthu amenewa adaima m'masukulu, m'matchalitchi ndi pa wailesi n'kunena kuti: tilipo, ndife anthu, tili ndi maina. Pambuyo pake mabungwe otere adachuluka m'zigawo zonse ndipo adapanga mgwirizano wawo wa RENSIDA.

Boma nalo lidadzuka. Mu 2000 lidakhazikitsa khonsolo ya dziko yolimbana ndi SIDA, CNCS. Ndipo mu Febuluwale 2002 padatuluka lamulo nambala 5/2002. Lamuloli lidaletsa bwana kuyeza wantchito kapena wofunsira ntchito magazi popanda chilolezo chake, lidaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha kachilombo, ndipo lidati zotsatira za magazi ndi chinsinsi cha mwini wake. Mu 2009 padabwera lamulo lina, nambala 12/2009, lokhudza ufulu ndi udindo wa munthu aliyense amene ali ndi kachilombo, osati wapantchito yekha. Mu 2014 malamulo awiriwa adaphatikizidwa kukhala limodzi, nambala 19/2014. Adavota ndi aphungu, inde. Koma amene adanyamula nkhani za anthu ochotsedwa ntchito ndi amayi othamangitsidwa panyumba n'kukazitula pakhomo la aphunguwo, chaka ndi chaka osatopa, adali mabungwe aja.

Nkhondo ya mtengo wa mankhwala

Lamulo limateteza ntchito ya munthu, koma silichiza thupi. Mankhwala otalikitsa moyo, ma ARV, adayamba kugwira ntchito bwino ku maiko olemera kuyambira 1996. Vuto lidali mtengo: munthu mmodzi ankafunika madola oposa 10,000 pa chaka. Akatswiri ambiri a kunja ankanena mosabisa kuti ku Africa mankhwalawa sangatheke, bola kungophunzitsa anthu kupewa, odwala kale aja basi adikire tsiku lawo.

Apa tiyenera kuwoloka malire pang'ono kupita ku South Africa, chifukwa zimene zidachitika kumeneko zidakhudza botolo la mankhwala limene m'bale wanu amasunga m'nyumba lero. Pa 10 Disembala 1998 anthu ochepa, mmodzi mwa iwo Zackie Achmat, adayambitsa bungwe la Treatment Action Campaign, mwachidule TAC. Mwezi womwewo mayi wina wa ku KwaMashu pafupi ndi Durban, Gugu Dlamini, adamenyedwa mpaka kufa atangoulula pa wailesi kuti ali ndi kachilombo. Umo ndi m'mene zinthu zidalili.

Nthawi imeneyo makampani 39 opanga mankhwala adali atasumira boma la South Africa chifukwa cha lamulo lolola kugula mankhwala otchipa. A TAC adalowa m'khoti kumbali ya odwala, adayenda m'misewu, ndipo mabungwe a maiko ena adawathandiza kuchita phokoso. Mu Epulo 2001 makampani aja adachita manyazi n'kuuchotsa mlandu. Miyezi iwiri izi zisadachitike, kampani ya ku India ya Cipla idali italengeza kuti ikhoza kugulitsa mankhwala a chaka chonse pa madola 350, kutanthauza kuti osakwana dola imodzi pa tsiku. Mu Novembala 2001, pa msonkhano wa zamalonda ku Doha, maiko adagwirizana kuti malamulo a umwini wa mankhwala asatsekereze dziko kuteteza moyo wa anthu ake. Mu 2002 thumba la Global Fund lidakhazikitsidwa, ndipo mu 2003 dziko la America lidalengeza thandizo lake la PEPFAR.

Kuno kwathu mabungwe awiri sadadikire kuti akatswiri amalize kutsutsana. A Sant'Egidio, omwe aja adakhala pakati pa zokambirana za mtendere ku Roma, adayamba pologalamu yawo ya DREAM mu 2002 n'kuyamba kupereka ma ARV kwaulere. A Médicos Sem Fronteiras, amene timangowatcha MSF, adayamba kugwira ntchito ya SIDA ndi akuluakulu a zaumoyo a chigawo cha Tete mu 2002, ndipo mu 2003 odwala oyamba adayamba kulandira mankhwala. Anthu omwe abale adali atawakonzera kale nsalu ya maliro adadzuka n'kugwiranso khasu. Umboni umenewu palibe adatha kuutsutsa. Kuyambira 2004 boma lidayamba kufalitsa mankhwalawa m'zipatala zake, aulere. Akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo apa zidaonekadi.

Mankhwala ndi aulere, koma njira si yaulere

Tsopano tafika pa gawo lathu lenileni. Poyamba mankhwala ankaperekedwa m'malo apadera otchedwa Hospital de Dia, ambiri m'mizinda ndi pa maboma. Madokotala adali ochepa, choncho kuyambira 2006 ma técnico de medicina adaloledwa kuyambitsa odwala pa mankhwala, ndipo chithandizo chidayamba kutsikira m'zipatala zazing'ono. Mu 2008 nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Ivo Garrido, idalamula kuti ma Hospital de Dia atsekedwe, odwala SIDA azithandizidwa limodzi ndi odwala ena onse. Mabungwe ena a anthu amene ali ndi kachilombo adadandaula poyera kuti chinsinsi chawo chitayika ndipo mizere italika. Boma lidapitiriza ndi ganizo lake. Izi tazinena dala, kuti wina asaganize kuti mabungwe akalankhula amapambana nthawi zonse. Pena amamvedwa, pena ayi.

Koma ngakhale mankhwala adayandikira, chigawo chathu ndi chachikulu ndipo midzi ndi yotalikirana. Lamulo lidali lakuti wodwala aliyense azipita yekha kuchipatala mwezi ndi mwezi kukatenga mankhwala ake. Tiyerekeze mayi wa kumudzi wakutali. Adzuke tambala woyamba, ayende wapansi mpaka pamsewu, alipire chapa ngati ndalama ilipo, akhale pa mzere mpaka dzuwa kupendeka, alandire botolo limodzi, abwerere usiku. Tsiku limenelo kumunda sikudapitidwe, ana adatsala okha. Mwezi wamawa chimodzimodzi, mpaka moyo wonse. Ikafika nyengo ya dzinja, mtsinje wadzaza, chimanga chikufuna kupalira, nkhokwe ili mbee. Kodi mayi ameneyu akalephera kupita tinene kuti ndi wosamvera?

Zotsatira zake zidaoneka m'mabuku a zipatala. Ku Tete, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse amene adayamba mankhwala ankasowa osaonekanso. Ndipo tikudziwa chimene chimachitika munthu akasiya ma ARV: kachilombo kamadzukanso, nthawi zina kamabwera kataphunzira kulimbana ndi mankhwalawo.

Ogwira ntchito zaumoyo adayesa njira zodziwika: uphungu, kutumiza anthu panjinga kukafunafuna osowa. Zidathandiza pang'ono. Chimene chidasintha zinthu ndi pamene a MSF ndi akuluakulu a zaumoyo a chigawo adakhala pansi ndi odwala eni ake n'kuwafunsa kuti: chikukulepheretsani n'chiyani? Mayankho adali omveka: ulendo ndi wautali, ndalama ya chapa palibe, mzere ndi wotopetsa, ntchito kunyumba ikudikira. Ndipo m'zokambirana zomwezo mudatuluka funso losavuta: ngati tonse tikuchokera mudzi umodzi ndipo tonse tikukatenga mankhwala, bwanji asapite mmodzi kukatengera anzake?

M'mene GAAC imayendera

Mu Febuluwale 2008 magulu oyamba adayamba kuno ku Tete. Ndiwo amene lero timawadziwa ndi dzina lakuti GAAC, chidule cha Grupos de Apoio e Adesão Comunitária. Kayendetsedwe kake kadali kotere. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, okhala moyandikana, amasankhana okha. Si namwino amene amawasankhira, ayi, amasankhana okha monga m'mene timasankhirana pa chipereganyu, chija ena amati xitique. Poyamba ankalowa munthu wamkulu amene wamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, thupi lili bwino, ndipo chitetezo chake cha CD4 chili pamwamba pa 200.

Tsiku lokatenga mankhwala likayandikira, gulu limakumana kunyumba kwa mmodzi wa iwo. Amawerengerana mapiritsi otsala kuti aone ngati aliyense akumwa bwino, amalemba pa khadi la gulu, amafunsana za m'thupi. Ngati pakufunika ya chapa amasonkherana. Kenaka mmodzi amanyamula makadi a onse n'kupita kuchipatala. Kumeneko amafotokoza za anzake, iye mwini amapimidwa ndi kutengedwa magazi, n'kulandira mankhwala a gulu lonse. Akabwerera amagawira aliyense zake. Mwezi wotsatira amapita wina. Potero munthu amene ankayenda maulendo khumi ndi awiri pa chaka amayenda awiri okha, ndipo pa ulendo uliwonse amaonana ndi wachipatala. Wina akadwala pakati pa mwezi sadikira nthawi yake, amapita msanga, kawirikawiri anzake atamuperekeza.

Mwaona? Palibe makina atsopano apa, palibe nyumba yomangidwa. Ndi nzeru yomwe ija ya dima: lero tilima kwa uyu, mawa kwa uje. Chachilendo chidali chakuti achipatala adavomera kukhulupirira wodwala, kumpatsa mankhwala a anthu asanu ndi mmodzi m'manja n'kumuona ngati mnzawo pa ntchito. Ambiri ankakayika. Ankati mankhwala agulitsidwa pamsika, ankati anthu osaphunzira asokoneza mabotolo.

Manambala ndiwo adayankha. Kuyambira Febuluwale 2008 mpaka Meyi 2010, anthu 1,384 adalowa m'magulu 291. Mwa iwo 83 adasamukira kwina. Pa anthu 1,301 otsalawo, 1,269 adali akumwabe mankhwala, 30 adamwalira, ndipo amene adasowa osadziwika kumene ali adali awiri okha. Awiri! Kumbukirani kuti kale ankasowa mmodzi mwa asanu alionse. N'zoona kuti m'magulumu munkalowa anthu amene adali kale bwino, choncho sitingafanizire ndendende. Koma kafukufuku wachiwiri adaonetsa kuti sizidali zamwayi: pofika Disembala 2012 anthu 5,729 adali atalowa m'magulu, ndipo patatha zaka zinayi oposa 91 pa 100 alionse adali akadali pa chithandizo.

Padatulukanso phindu lina limene silidalembedwe pa pulani. Anthu amene ankabisala adapeza anzawo olankhula nawo. M'midzi ina magulu adayamba kulimbikitsa anansi kukayezetsa, kufunafuna amene asiya mankhwala, ngakhale kuyankhula pa misonkhano ya mfumu. Wodwala amene dzulo ankalowa m'chipatala chozemba adasanduka munthu woti namwino amamudziwa dzina ndi kumufunsa nzeru. Kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Kuchoka ku Tete kupita dziko lonse

Nkhani yabwino siikhala kubisika. Akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo adaona zotsatira, ndipo mu 2011 Unduna udayamba kuyesa GAAC m'zigawo zina za dziko. Itayenda bwino idalowa m'ndondomeko ya boma, n'kukhala imodzi mwa njira zovomerezeka zolandirira mankhwala kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo. Mu 2012 abale athu a ku Thyolo ku Malawi adayamba magulu otere potengera chitsanzo cha Tete. Ku Zimbabwe ndi ku Lesotho adachitanso chimodzimodzi. Mu 2016 bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, OMS, lidalangiza maiko kuti munthu amene akupeza bwino pa mankhwala asamavutitsidwe ndi ulendo wa mwezi ndi mwezi, azitenga a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo magulu a m'midzi ngati athuwa adali m'gulu la zitsanzo zimene zidatsegula maso a akatswiriwo.

Ndiye mukaona m'bale wanu akubwera kuchokera ku farmácia ndi mankhwala a miyezi itatu m'thumba, dziwani kuti ganizo loti wodwala akhoza kukhulupiriridwa lidayesedwa ndi alimi a m'chigawo chino, ambiri mwa iwo amayi, ena osadziwa n'kulemba komwe dzina lawo.

Tionepo chiyani pamenepa? Kuti ndondomeko isinthe padafunika miyendo itatu ngati mafuwa. Odwala adabweretsa nzeru ndi kudzipereka. Bungwe lidabweretsa ndalama zoyesera, galimoto, ndi anthu olemba manambala mosamala. Boma lidapereka chilolezo, zipatala ndi anamwino, kenaka n'kuitenga nzeruyo kukhala yake. Chotsani fuwa limodzi, mphika ugubuduka. Odwala akadangodandaula osapereka njira, palibe chikadachitika. A MSF akadachita okha kumbali osadzera ku boma, zikadatha tsiku limene galimoto zawo zidachoka. Ndipo pakadapanda manambala olembedwa bwino, ku Maputo akadati ndi nkhambakamwa chabe.

Zimene sitiyenera kubisa

GAAC si mankhwala a vuto lililonse. Kuti ulowe m'gulu uyenera kuulula kwa anzako, ndipo mpaka lero alipo ambiri amene amaopa, makamaka abambo ndi achinyamata. Alipo amene amakonda kukwera chapa kupita ku chipatala chakutali kumene sadziwika. Pena m'gulu mumabuka mkangano, pena wina amangotuma anzake osafuna kukaonekera yekha kwa achipatala. Ndipo chibwerereni njira yotenga mankhwala a miyezi ingapo, ena adaona kuti gulu silikuwafunikiranso. Zimenezi si zolakwika. Cholinga sichidali gulu, cholinga chidali chakuti munthu asasiye mankhwala.

Chachiwiri n'chokhudza mabungwe enieniwo. Si onse amene adagwira ntchito yooneka. Tonse tidaonapo mabungwe a chikwangwani, obadwa ndalama zikamveka n'kufa ndalama zikatha, odziwa masemina ndi ma perdiem kuposa njira ya kumudzi. Tidaonanso anamwino abwino akuchoka m'zipatala za boma kutsata malipiro a mabungwe. Bungwe limayenera kufunsidwa mafunso monga momwe timafunsira boma.

Chachitatu ndiye chachikulu. Anthu oposa 2 miliyoni m'dziko muno ali ndi kachilombo, ndipo pofika 2023 pafupifupi 2 miliyoni adali pa mankhwala. Gawo lalikulu la ndalama za ntchito imeneyi lakhala likuchokera kunja, makamaka ku PEPFAR ndi Global Fund. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndipo chaka chomwecho bungwe lake la USAID lidatsekedwa. Ma activista ndi aphungu ambiri a m'zipatala amene ankalipidwa kudzera m'mabungwe adauzidwa kuti akhale kunyumba. Amene ankayenda khomo ndi khomo kufunafuna osiya mankhwala adachepa. Mwambi uja wa kalumo uli ndi mnzake: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nanga wathu wa pamphuno ndi uti? Ndi anthu asanu ndi mmodzi aja okhala pa mphasa kuwerengerana mapiritsi. Iwo sadalembedwe ntchito ndi munthu, choncho palibe angawachotse ntchito. Koma tisadzinamize: gulu limatha kukatenga mankhwala, silingapange mankhwala. Ngati pa shelefu ya farmácia palibe kanthu, woimira gulu abwerera chimanjamanja. N'chifukwa chake nkhondo ya mabungwe lero yabwerera pa funso la ndalama: kodi boma lathu liika zingati za m'thumba lake pa zaumoyo, ndipo zimene laikazo zikufikadi ku chipatala cha kwathu?

Yankho kwa bambo aja

Tsono bambo amene mudafunsa pansi pa mtengo paja, yankho ndi ili: inde, zambiri zimasainidwa ku Maputo, koma si zonse zimabadwira ku Maputo. Mawu a kumudzi amafika, pokhapokha akhale ndi miyendo. Miyendo yake tayiona m'mbiriyi: anthu kukhala pamodzi, kunena vuto ndi dzina lake, kubwera ndi njira, kulemba zimene zikuchitika, ndi kugogoda pa khomo loyenera osatopa.

Makomo ake alipo pafupi. Zipatala zambiri zili ndi komiti ya co-gestão, m'mene mumakhala anthu a m'mudzi pamodzi ndi achipatala, ndipo m'midzi muli makomiti a zaumoyo. Kodi gulu lanu likudziwa amene amakuimirani m'menemo? Mudayamba mwawaitana kuti adzamvere nanu pologalamu? Kuyambira 2007 dziko lino lili ndi chikalata cha ufulu ndi udindo wa wodwala. Pemphani kuti chiwerengedwe pa msonkhano wanu m'chinenero chathu.

Ndipo gulu lililonse la omvera likhale ndi kope. Mankhwala akasowa, lembani tsiku, mtundu wa mankhwala ndi masiku amene adasowa. Musalembe maina a odwala, chinsinsi cha munthu ndi lamulo. Mukati "mankhwala amasowasowa" akuyankhani kuti tamva. Koma mukati adasowa kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, ndipo magulu atatu a m'dera lino alemba zofanana, pamenepo wina ayenera kuyankha. Makope amenewa bweretsani ku wailesi, tidzaitane oyenera kuyankha kuti adzayankhe pa mphepo, onse akumva.

Pomaliza, ngati m'mudzi mwanu muli GAAC imene yafooka chifukwa activista adasiya kubwera, musadikire galimoto yoyera. Oyamba aja mu 2008 adayamba ndi khadi limodzi ndi kukhulupirirana basi. Kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mutitumizire zimene mwagwirizana kuti tidzaziike m'kalata ikubwerayi.